Bambo a Anjelina Ali ku Joni

Ine ndine Kingsley Zikhalo. Ngati dzinali simunalimvepo, ndiye kuti simunaimepo pa Chimbiya. Ndinayamba ndi njinga yopanda mabuleki, kugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Lero malole anga amafika ku Beira, ku Harare, ku Joni, mpaka ku Durban kumene nthaka imathera. Ku Tete ndinkadutsa nkhondo ili mkati, zipolopolo zikulira ngati njuchi, ine ndikukukuta chimanga chootcha. Ndiye maphunziro aulere atabwera mu 1994, ana n'kudzaza mpaka pansi pa mitengo, makolo sanavutike kupeza wapampando wa komiti ya sukulu yakwathu. Akanasankhanso ndani?

Chaka chomwecho boma linatitumizira mphunzitsi watsopano, Elena, mtsikana wa ku Lobi. Anamupatsa Sitandade 2. Tsiku loyamba anatenga chikwapu chimene anachipeza pakona n'kuchiponya kudzala. M'mawa uliwonse, asanagwire choko, ankafunsa kuti, "Ndani kwawo kuli matenda? Ndani sanagone?" Kumbuyo kwa kalasi anayalako mphasa. Mwana amene mtima wamulemera ankapita kukakhala pamenepo, osafunsidwa chifukwa.

Ahedi, a Alufeo, anaseka mpaka kutsokomola. "Madamu, ino ndi sukulu kapena chipatala? Matipate alowanso m'kalasi?"

"Musiyeni, ahedi," ndinatero ine. "Inu mwafikapo kuti? Ku Linthipe? Ine ku Durban ndinaona mphunzitsi atagwada pamaso pa mwana wolira." Ndinagula mphasa zina ndi bulangeti lochokera ku Joni, poti chisanu cha ku Dedza mu Juni sichiona msinkhu. Aphunzitsi ena awiri anayamba kutengera. Ana amene ankabisala m'minda anayamba kubwera.

Koma panali Anjelina, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Lole ikangolira kumsewu, iye ankadumpha anzake n'kuthamangira panja. Ahedi anali atamukwapulapo kambiri, koma sizinathandize. Elena anamukhazika pafupi ndi khomo, namuuza kuti akafuna kutuluka azituluka, akaona azibwerera. Tsiku lina anamufunsa chimene amakayang'ana.

"Bambo anga," anatero mwanayo. "Anapita ku Joni. Adzabwera pa lole."

Bambo ake, a Gerevazio, anali mmisiri womanga nyumba ku Lilongwe. Anamwalira ndi matenda a masiku anowa, ndipo bokosi lawo linabwera pa lole yanga, ulere. Masiku a maliro mwanayo anamutumiza kwa azakhali ake. Atabwerako anamuuza za Joni. Kwathu kuno mwana sauzidwa za imfa. Amati angamalote.

Elena anapita kwa atsibweni a mwanayo, a Petulo, ine nditamuperekeza. Amayi a mwanayo, a Flossie, anali gone pakhonde, akutsokomola.

"Bambo, mwanayu akudikira munthu amene sadzabwera," anatero Elena atagwada. "Ndiloleni timuuze tonse pamodzi, mofatsa."

"Mwana wanga, uli ndi ana angati?" anafunsa a Petulo.

"Ndilibe."

"Ndiye ukabereka wako udzamuuze. Uyu akakula adzazindikira yekha, monga tinazindikirira ife."

Patapita milungu ingapo ahedi anandiitana kuti ndikauze ana za maiko akunja. Ndinawauza zonse: nyumba zokanda mitambo, masitepe oyenda okha, nyanja ya mchere imene ndinailawa ndi lilime langali. Ana anali kukamwa yasa! Nditamaliza, Anjelina anaimirira, manja kumbuyo.

"A Zikhalo, ku Joniko munawaona bambo anga?"

Ana akuluakulu, amene anaona bokosi lija, anazolika. Elena anandiyang'ana.

Ndinayankha monga akanayankhira wamkulu aliyense wa m'dera lathu. Koma Zikhalo sapereka chinthu chatheka.

"Ndinawaona!" ndinatero. "Anenepa, mwana iwe. Avala jekete lachikopa. Akumanga nyumba zazitali zija ndanenazi."

Anamwetulira mpaka mano onse kuonekera. Tsiku limenelo sanakhale pamphasa.

Nyengo ya mvula a Flossie anafooka kwambiri. Elena anabwera kwathu madzulo ena, ataloweka nsapato m'matope.

"Bambo Zikhalo, amayi a Anjelina akapita mudzamuuza chiyani mwanayo?"

"Tidzaona nthawi yomweyo, madamu."

"Iyeyo adzaganiza kuti onse amuthawa."

Mawa lake, ana ena ataweruka, Elena anakhala ndi Anjelina pamphasa paja n'kumuuza zoona. Akuti anamugwira manja onse awiri. Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anachotsa manja ake.

"Inu madamu munapitako ku Joni?"

"Ayi."

"A Zikhalo anapitako. Anawaona."

Anathamangira kwawo n'kukanena kuti madamu akuti bambo anafa. A Petulo anabwera kusukulu ndi mbumba yonse. Pamsonkhano wa komiti mawu anali amodzi: mtsikana wopanda mwana walodza banja la eni ake, walaula mudzi. Ine ndinalankhula, ndipo amene analipo angakuuzeni kuti sipanamvekepo mawu otere pabwalo limenelo. Ndinatchula Durban, ndinatchula Harare. Kenako a Petulo anaimirira.

"A Zikhalo, pamaso pa ana munati chiyani? Munawaona kapena simunawaone?"

Anthu anaseka. Manja anakwezedwa. Teremu isanathe, Elena anasamutsidwira kutali, kumalire. Chikwapu chatsopano chinathyoledwa kuseri kwa ofesi. Mphasa zanga ahedi ankayanikapo nyemba, bulangeti linasowa. Aphunzitsi awiri aja anasiya kufunsa ana mafunso a m'mawa.

Anjelina anamusiyitsa sukulu kuti azidwazika amayi ake. Mu Meyi a Flossie anatisiya. Mwanayo anamutumizanso kwa azakhali, ndipo atabwerako a Petulo anamuuza kuti amayi ake atsatira bambo ake.

Ndinamupeza pa Chimbiya mwezi wotsatira, ataima pambali pa ndowa ya kachewere ya atsibweni ake, miyendo ili mbuu ndi chisanu. Sankaitana ogula. Ankangosuzumira m'lole iliyonse yoima. Ataona yanga anasiya ndowa n'kuthamanga, nagwira chitseko.

"A Zikhalo, mukupita ku Joni?"

"Eya, mwana wanga."

"Amayi nawonso apita, osanditenga. Kodi ndinalakwa chiyani?"

Ine amene ndayankhapo asilikali a maiko anayi, ndinayang'ana chiwongolero.

"Munditengeko. Sindidya zambiri. Ndikhala pamwamba pa matumba."

"Lero lole yadzaza," ndinatero.

Anasuzumira kumbuyo, kumene kunali malo okwana ana khumi. Sanatsutse. Anatsika pachitsulo chokwerera n'kupukuta manja padiresi.

"Ndiye mukawauze bambo ndi amayi kuti sukulu sindinasiye dala. Mukawauzenso kuti madamu aja ananama, ine sindinawakhulupirire."

"Ndikawauza."

Anabwerera pandowa yake. Lole ina inali ikutsika kuchokera ku Dedza, ndipo iye anali atatembenukira kale kumeneko.