Matimati Osapsa a Gracian

Gracian atalembedwa ntchito pa kakampani kolemba mapulogalamu a kompyuta kufupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, anamuuza kuti mwezi woyamba ndi womuyesa. Mweziwo unali kutha, ndipo a Justus, abwana ake, anali atasiya kumumwetulira.

Vuto linali limodzi. Edita, pulogalamu imene ankalemberamo khodi kapena kuti malangizo a kompyuta, inkapaka mawu mitundu: polakwika pankafiira, pamene pali bwino pankabiriwira. Anzake ankangoponya diso n'kudziwa pofunika kukonza. Gracian ankayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, koma n'kutumizabe ntchito ili ndi zolakwika zake zonse.

"Achimwene, chofiirachi chikuchita kukuwa, inu osachimva?" anatero a Justus Lachitatu m'mawa, akugogoda sikirini ndi cholembera. "Lachisanu mukabweretsanso zoterezi, tizingopatsana moni pamsewu."

"Chabwino, bwana," anayankha Gracian. Kutchedwa wosasamala anakuzolowera kuyambira ali mwana ku Lirangwe, kumene mayi ake anamuletsa kulowa m'dimba chifukwa ankadzaza dengu ndi matimati osapsa.

Pa desiki yoyandikana ndi yake pankakhala Prisca, mkhalakale pakampanipo. Nayenso kwawo kunali ku Lirangwe, ndipo mayi ake ankagulitsa pamsika moyandikana ndi mayi a Gracian. Nthawi ya nkhomaliro anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"A Gracian, paja ndinu aja a matimati aawisi?"

"Nkhani imeneyo inafika mpaka kuno?"

"Tinakwera nayo minibasi imodzi. Tandilozereni mzere wofiira apa."

Gracian analoza. Prisca anayang'ana chalacho, kenako nkhope ya mwini wake. Sanaseke.

"Umenewo ndi wobiriwira."

"Achemwali, kwa ine yonseyi ndi yofanana. Ngati udzu wouma."

"Kuyambira liti?"

"Chibadwire. Ndinkayesa anzanga amangondiposa nzeru."

"Si nzeru, ndi maso. Alipo anthu ambiri amene sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Sunthani pang'ono."

Prisca anatsegula posinthira mitundu ya edita ija n'kuyamba kumuonetsa umodziumodzi, ngati mayi wogulitsa zitenje amene wapeza kasitomala wovuta.

"Uwu?"

"Udzu womwe uja."

"Nanga uwu?"

"Eya! Umenewo ukuwala."

Anagwirizana kuti polakwika pazikhala chikasu, ndi mzere kunsi kwake, ndipo pabwino pazikhala buluu. Mawu ena onse a khodi anawasankhiranso mitundu imene Gracian ankaisiyanitsa mosavutika. Atatsegulanso ntchito imene a Justus anaikana ija, zolakwika zinangoti mbwee, ngati ziwala pamunda. Zina zinali pamizere imene anaiwerenga kambirimbiri. Gracian anagwira pakamwa, akuganizira madengu onse aja a matimati.

A Justus podutsa anaima kumbuyo kwake.

"Chikasu ndi buluu pa sikirini imodzi? Zipani zimenezi sizimenyana?"

"Zachita mgwirizano, bwana," anayankha Prisca osatukula mutu.

Lachisanu a Justus anaiyendera ntchito ya Gracian mzere ndi mzere, nkhope ili ya munthu wofuna chifukwa. Sanachipeze. Anatseka laputopu n'kunena kuti, "Lolemba musachedwe."

Loweruka Gracian anapita ku Lirangwe n'kuwafotokozera mayi ake zonse zimene Prisca anamuchitira. Mayiwo anamvetsera, n'kukhala kanthawi akupukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma. Kenako anatenga dengu n'kumupatsa.

"Pita kudimba ukamuthyolere matimati mwana wa eni akeyo. Thyola amene wakonda."

Lolemba Gracian anafika kuntchito aliyense asanabwere, n'kuika jumbo pa desiki ya Prisca. Mwini wake atalowa anasuzumiramo. Theka la matimatiwo linali lobiriwira ngati masamba a mpiru.

"Zikomo kwambiri, achemwali. Ndathyola ndekha," anatero Gracian.

"Zikuchita kuoneka," anatero Prisca. Anasankha osapsawo n'kuwandanda pawindo loyang'ana kudzuwa. "Asiyeni apa. Akapsa ndikuuzani."