Chitenje M'chiuno mwa Mayi Hiyam

Chaka cha 2010 Dublin yense anali kulira. Makampani akutseka, anthu akuchotsedwa ntchito tsiku ndi tsiku. Kunyumba yosamalira okalamba ku Santry kumene ine Norah ndinkagwira ntchito, anatichotsera anzathu anayi. Kenako kunabwera lamulo: aliyense wosatha kuimirira yekha asamukire kuwodi yam'mwamba, kumene anthu ankangogona, kutembenuzidwa, kumwetsedwa phala, basi. Wokwera kumeneko sankatsikanso wamoyo.

Dzina loyamba pamndandanda linali la Mayi Hiyam.

Mayi amenewa, abale inu! A ku Lebanon, zaka 74, pakamwa ngati tsabola wa kambuzi. Sitiroko inawapha mwendo wamanzere koma lilime inalisiya. Pa utsikana wawo ankavina m'mahotela a ku Beirut, gule uja wa mimba pamtunda. Bambo awo anawakana chifukwa cha guleyo, nkhondo inawagwetsera nyumba, ndiye msilikali wina wa ku Ireland anawakwatira n'kubwera nawo kuno, iye n'kutsogola kumanda. Atandiuza koyamba, ine manyazi. Kwathu ku Dedza kutyola m'chiuno kotero timaphunzira m'nyumba, chitseko chotseka, amuna ali kutali. Iwo pagulu, magetsi ali ngwee!

"Wakwinyiranji nkhope?" anandifunsa. "Chiuno chimenechi chinalera azing'ono anga asanu."



Patricia, mayi woyeza ngati okalamba angathe kuimirira, anati abwera Lachisanu. Sabata yonse tinalimbana ndi Mayi Hiyam, ine m'khwapa umu, mnzanga m'khwapa umo, kukweza. Tikangowasiya, khu! pampando. Lachinayi ndinapsa mtima.

"Amayi, mukufuna kupita m'mwamba? Nenani, ndisathyoke msana pachabe!"

"Mumandinyamula ngati thumba la mbatata," anatero. "Munthu saimirira ndi m'khwapa. Chiuno changa sindikuchimva, mwana iwe. Sindikudziwa pamene chili."

Anatembenukira kukhoma kuti ndisaone misozi. Zinandiwawa kwambiri.

Lachisanu Patricia anafika ndi mapepala ake. Mayi Hiyam anayesa kuimirira koyamba, zinakanika. Kachiwiri, chimodzimodzi. Patricia ataika cholembera papepala, ine mtima phaa! Ndinakumbuka kuti kwathu mkazi salowa m'bwalo chimanjamanja, mnzake amayamba wam'manga nsalu m'chiuno.

"Dikirani kaye!" ndinakuwa.

Ndinathamanga kukatenga chitenje chimene ndinkafunda m'basi kukazizira. Ndinachipinda, kuwazunguliza nacho Mayi Hiyam m'chiuno, kukoka mwamphamvu mpaka anati "ah!", mfundo pambali. Kenako ndinayamba kuomba patebulo lodyera, kaombedwe ka chisamba chakwathu.

"Ukuthamangira kuti?" anandikalipira Mayi Hiyam. Anagogoda chala pampando, pang'onopang'ono, ine n'kutsatira.

Choyamba kugwedera chinali mfundo ija. Kumanja. Kumanzere. Mapewa ali zii, ngati asenza ndowa yodzaza. Kenako chiuno chinakankha kutsogolo, ndipo thupi lonse linachitsatira m'mwamba, manja osagwira kalikonse. Anaimirira! Mimba inayamba kuyenda pansi pa juzi, kuchokera pachifuwa kutsika, kubwereranso. Mikono inakwera yokha, zala zikupinda mofewa. Mwendo wakufa uja unkakhwekhwereza pansi, komabe unkamvera.

Ine ndaona akatswiri ovina, a chimtali, a chisamba, koma zoterezi ayi ndithu. Thupi langa lonse linachita tsembwe. Nkhope yawo sinalinso ya m'chipinda nambala 9, inali ya mayi wozolowera kuti akalowa, anthu amasiya kutafuna. Sindikudziwa kuti nthungululu inandituluka nthawi yanji. Ndinangomva ina ikundiyankha, yakuthwa kuposa yanga, kuchokera pakamwa pawo. Kani nawonso kwawo amaimba nthungululu!

Anavina mwina mphindi ziwiri. Patricia anali atagwira pakamwa, cholembera chili pansi. Anachitola, n'kukhwatcha zimene anayamba kulemba zija.

"Atsala pansi pano," anatero.

Mayi Hiyam anakhala okha pampando, akupuma wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Ndinagwada kuti ndimasule chitenje, misozi ikundilepheretsa kuona mfundo. Anandimenya padzanja.

"Chisiye. Ndiponso wamanga pamwamba kwambiri, ngati ukumanga mbuzi. Mawa utsitse pang'ono."