Chiponde cha m'chigafa

Dailes analetsedwa kumuphikira mwamuna wake. Inde, mwamuna wake weniweni, Jeremiya, amene anamutengera kuchitengwa ku Chulu zaka khumi zapitazo.

Chaka chimene mavutowa anayamba, munda wonse anaudzaza fodya, osasiya ngakhale mzere umodzi wa nyemba, moti pakhomo ankangodya nsima ya ufa woyera, ndiwo zake zongonyengezera pakamwa. Khungu la Jeremiya linayamba kuda ndi kusupuka m'khosi ndi m'mikono ngati wapsa ndi moto. Kenako kutsegula m'mimba, kenako mutu. Tsiku lina anamupeza akusoka masamba a mango, akuti ndi fodya.

Abale akewo kufufuza kunawatopetsa, anangoti mkazi wamudyetsa mankhwala. A Tsoka, amalume ake a Jeremiya, anamumangirira wodwalayo mwendo ku mzati wa chigafa cha fodya, natchinga ndi udzu. Sing'anga amene anamuitana ndiye anamalizitsa: wodwala asalawe mtedza, nyemba, dzira kapena nsomba, azingomwa phala, ndipo chilichonse chochokera m'manja mwa Dailes akane.

Dailes anapalasa njinga mpaka kuchipatala. Namwino atangomva za khosilo anati ameneyo sanalodzedwe, thupi lasowa vitamini B, ndipo ubongo nawonso umamva njala. Anati abwere naye msanga, mapiritsi alipo, koma pakali pano azimupatsa mtedza, nyemba ndi usipa, apo ayi amutaya.

Dailes atabwerera n'kuwauza zimenezi, a Tsoka anaseka mpaka kutsokomola. Njala yanji munthu akumwa phala katatu pa tsiku? Anamuuza Dailes kuti akadzangomuona pafupi ndi chigafa, adzabwerera kwawo ku Njombwa yekha, ana adzatsala. Zinamuwawa zedi mayiyu. Mankhwala anali nawo m'nyumba momwemo, kathumba ka mtedza wa mbewu, koma manja ake ndiwo anali oletsedwa.

Lamulungu ananamizira mutu. Anthu atapita ku tchalitchi, anakazinga mtedzawo, nasinja chiponde, nakagwada kuseri kwa chigafa. Anapatula udzu n'kulowetsa mbale.

Jeremiya anali atatha, mafupa okhaokha. Anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali mbee.

"Ndinu ndani, mayi?"

Dzina linafika pakamwa, Dailes n'kulimeza.

"Ndine wodutsa, bambo. Idyani."

Anadya, mpaka kunyambita zala. Pobweza mbale ananong'ona kuti abwerenso, koma asamale, pamudzi pano pali mkazi wina dzina lake Dailes, ndiye anamupanga zimenezi.

Anabweranso. Lachitatu anthu ali ku maliro, Lachisanu ali kudimba, milungu itatu yathunthu, mtima uli m'mwamba. Kutsegula m'mimba kunaleka, mawu a Jeremiya anayamba kulunjika, ndipo a Tsoka ankayenda akutama sing'anga wawo.

Lamulungu lachinayi, Dailes atalowetsa mbale, Jeremiya sanailandire. Anayang'ana dzanjalo, nayang'ana nkhope.

"Dailes?"

Mayiyu anagwetsa misozi, chifukwa mwamuna wake anali atabwerera. Jeremiya anakankha mbale ija ndi phazi, nayamba kukuwa kuitana amalume ake.