Kaminando ndi Avulando

"Ine ndinamva ndi makutu angawa," anatero a Belinda uku akuduladula anyezi ngati wawalakwira. "Kaminando ndi Avulando. A Sosten anatchula kawiri konse, mpweya ukuwathera. Kaminandoyo ndi mkazi, Avulando ndi mwana. Nanga pamenepa mpofunika sukulu?"

Ang'ono awo, amake Akuzike, anangoti zyoli pampando wa m'khitchini. Amuna awo, a Sosten, anali atamwalira Lachiwiri pachipatala china mu South Bend momwemo, ndipo pabalaza anthu akumpingo ankaimba nyimbo za maliro. Koma chimene chinkawabaya mayiwa si imfa yokha ayi. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, malemuwo ankadiraiva mpaka ku Indianapolis, ati kukaona galimoto ya mwana. Galimoto yanji yofa sabata ndi sabata?

"Mawa kumanda ine nkhata sindikaika," anatero amake Akuzike. "Akaike Kaminando wawoyo."

Akuzike, mwana wawo yekhayo, anali ataima pakhomo ndi mbale m'manja. Mtsikanayu anakulira kunja konkuno, osati kumudzi: Chichewa amamva chonse, koma poyankha ndi Chingelezi basi. Anayamba ndi kutsokomola, kenako anaphulika chiseko mpaka misozi mbwembwembwe.

"Iwe! Bambo ako ali kumochale, iwe ukuseka?" anakalipa a Belinda.

Akuzike anafotokoza m'Chingelezi chakecho. Kuyunivesite ku Indianapolis kuja iye ndi anzake akuphunzira mbiri ya Ayuda amene anathamangitsidwa ku Spain kalekale, natenga chilankhulo chawo chotchedwa Ladino kulikonse kumene anapita. Lamlungu lililonse ankapita ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis momwemo, kukarekoda gogo wina amene amachilankhulabe. Adadi ndi amene ankawanyamula. Tsiku loyamba anadikira m'galimoto, lachiwiri analowa chifukwa cha kuzizira, lachitatu anali atakhala kale kutsogolo, dzanja lili m'mwamba.

"Si maina amenewo, mami. Ndi *kaminando i avlando*. Kuyenda uku tikucheza. Amatero pofuna kunena kuti tiyeni, moyo upitirire."

"Hii! Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma uyu ndiye wakulira dziwe la bambo ake," anatero a Belinda, mwambi n'kuupinda dala. "Akuwabisira!"

 Akuzike anangotulutsa foni naimbira anzake aja.

Masana omwewo galimoto inaima panja. Munatuluka ophunzira anzake a Akuzike, ndipo pakati pawo panali gogo wachizungu wamfupi, tsitsi loyera mbuu, akukankha kachitsulo koyendera. A Belinda anasuzumira pawindo nagwira pakamwa.

"Kaminando uja ndi ameneyu? Koma a Sosten abale!"

Gogoyo dzina lake linali Sophia. Atafika pamaso pa namfedwa anasiya kachitsulo kaja, nawomba m'manja mwaulemu, mwa kwathu kwenikweni.

"Pepani, amayi. Mulungu akutonthozeni."

Nyimbo inadukira pakati. Chichewa chake chinali chopindika, koma mawu ankakwera ndi kutsika ndendende ngati mmene ankalankhulira a Sosten. 

Gogo Sophia anapitiriza m'Chingelezi, akuseka ndi maso. Anati iwo ndi a Sosten ankasinthana: mawu amodzi a Ladino, mawu amodzi a Chichewa, popanda kubera. Ndipo tsiku lina gogoyo anawafunsa a Sosten kuti bambo wamkulu chotere akuvutikiranji ndi chilankhulo cha eni ake.

"Anandiyankha kuti, 'Mwana wanga ndikamulankhula Chichewa amandibwezera Chingelezi. Ndikalankhula Chingelezi amandikonza. Koma muno tonse ndife makanda, timagwera limodzi.'"

Apa Akuzike chiseko chinamuthera. Anakwirira nkhope paphewa la mnzake nalira kwenikweni.

"Nanga osandiuza bwanji?" anafunsa amake, mtima ukuwawa ndi manyazi.

"Ankati mukamva muwaseka mpaka Khrisimasi," anayankha Akuzike m'Chingelezi.

"Ndikanawasekadi," anavomera mayiwo, akupukuta m'maso ndi chitenje.

A Belinda anakonza kukhosi. "Ine sindinanene kuti ndi zoona. Ndinangoti ndinamva. Tsono nkhata ija?"

"Musaikhudze, achemwali. Ndi yanga."

Gogo Sophia anakhala pambali pa namfedwa. Anati panali mawu ena amene a Sosten anachita kuwapempha pambali, ana atatuluka, nawabwereza mpaka lilime linawongoka. Ankafuna oitanira mkazi wawo. Mawuwo anali *mi alma*.

Amake Akuzike anatong'ola maso. "Mayi Alamu? Chaka chonsechi akhala akundiitana Mayi Alamu! Ine ndimayesa akundinena kuti ndimawadzutsa ngati alamu ya pafoni!"

"Ayi, mami," anatero Akuzike, ndipo ulendo uno anayesetsa m'Chichewa, liwu limodzilimodzi. "Ndiye kuti... mzimu wanga. Moyo wanga."

"Kalanga ine! Ndiye ine ndinkawayankha kuti alamu ndi agogo awo. Iwo n'kumangomwetulira, n'kundithirira tiyi."

Pabalaza ena anaseka, ena analira. Mayiwo anachita zonse ziwiri. Kenako anagwira dzanja lamakwinya la gogo uja ndi manja awo onse awiri, nasendeza khutu pafupi.

"Tanenaninso, agogo. Pang'onopang'ono."