Chipewa Chinatsala pa Msomali

Mlongo wake wa Watayi anachichotsa pa msomali n'kuchiika patebulo, pakati pa makapu osatsuka, ngati akupereka umboni m'khoti. Chinali chipewa cha bambo awo, chija cha nsalu yokhuthala ndi mlomo waukulu, chimene thukuta la zaka zambiri linali litachilemba mzere woyera kuzungulira.

"Ndifunsenso, Amayi," anatero. "Munthu akutuluka m'mawa, dzuwa lake limeneli, mutu uli pamtunda, chipewa chili apa pamaso panu. Osawaitana? Osawathamangira?"

Linali tsiku lachitatu chiwaikire m'manda, ndipo funsolo linali litafunsidwa tsiku lililonse. Amayi anali pampando wa pawindo, akupinda malaya a malemuwo. Anamaliza amodzi, n'kutenga ena. Ndi momwenso anachitira dzulo ndi dzana.

Watayi anaima pakhomo la kukhitchini atagwira ketulo. Dzinali anam'patsa ndi bambo ake tsiku limene anayamba ntchito yolandira alendo pa hotela atamanga tayi, ndipo linam'kakamira mpaka dzina lenileni linazilala. Yankho limene mlongo wake ankalifuna, iye anali nalo. Anali akulibisa masiku onsewa.

Bambo awo anali mmisiri wokhoma madenga, zaka makumi atatu ndi zinayi ali pamwamba pa nyumba za anthu. Lachiwiri masana anachita chizungulire pa denga la nyumba yosungiramo katundu, n'kugwa. Adokotala anati kunali kutentha, kuphatikiza kuthamanga kwa magazi kumene anali nako kale. Mnzawo wa kuntchito ndiye anaulula kuti panali patatha milungu itatu akukwera opanda chipewa, ndipo akawadzudzula ankangoseka, amvekere akupenta denga lawo. Obwera pamaliro anati chakudza sichiimba ng'oma. Koma mlongo wake sanali munthu wotonthozeka ndi miyambi. Dzuwa sakanalizenga mlandu, ndiye anatembenukira kwa Amayi.

Nkhani yeniyeni inayambira m'sitolo ya masuti. Ukwati wa Watayi unali pafupi, ndipo anatenga bambo ake kuti akawayese jekete. Mtsikana amene ankam'kwatirayo anali wa kubanja la ophunzira, anthu oti ngakhale poyetsemula amayetsemula mwaulemu. M'sitolomo bambo anavula chipewa kuti adzione bwino pagalasi, ndipo Watayi anaona mutuwo ngati akuuona koyamba. Dazi linawayamba ali mnyamata, tsitsi lotsala m'mbali ankalimeta mpala Loweruka lililonse. Kuyambira pa nsidze kutsika, dzuwa linali litawawotcha bii. Kuyambira pamene chipewa chimalekezera kukwera, khungu linali loyera mbee, ngati mkate wosapsa. Pakati pake panali mzere wowongoka bwino, woti mmisiri aliyense akanaunyadira.

Wogulitsa masuti anabisa kumwetulira. Watayi anakuona kumwetulirako, ndipo nkhope yake inatentha. Anayamba mwanthabwala, kuti apongozi adzaona ngati ali ndi abambo awiri, wapansi ndi wapamwamba. Bambo anaseka nawo. Akanalekera pomwepo, bwenzi zili nthabwala basi. Koma pakamwa pakatseguka sipadziwa malire. Anawonjezera, tsopano osaseka, kuti m'tchalitchi chipewa sichiloledwa, ndiye pojambula zithunzi mwina adzaime mzere wakumbuyo.

Bambo anasisita mutu wawo, akudziyang'anabe pagalasi. Anangoti, "Mzere wakumbuyo, bambo wa mkwati?" Kenako anavala chipewa chawo, n'kufunsa ngati manja a jeketeyo sanali aatali.

Chimenecho sichinali chomupweteka kwambiri. Chomupweteka chinali cha Lamlungu lotsatira, pamene anabwera kudzacheza n'kupeza mutu wa bambo ake utafiira, ukusupuka timakungu. Anamvetsa nthawi yomweyo chimene ankachita. Ankadziwa za kuthamanga kwa magazi, mankhwala ake ankawagulira ndi iyeyo. Ankadziwanso momwe malata amalavulira moto masana. Komabe anaweramira mutuwo, n'kunena kuti, "Zikuyenda, Bambo. Kwangotsala pang'ono." Mawu amenewo anali ake, ndipo panalibe wina woti am'senzere.

"Waima chiyani ndi ketulo ngati chipilala?" anatero mlongo wake. "Iweyo sukufunsa chifukwa sunali nawo ntchito. Umangodziwa za ukwati wako."

Watayi anathira madzi m'makapu amene munalibe tiyi.

Mlongoyo analowa kuchipinda, n'kuyamba kulongedza. Chitseko anachisiya chotsegula dala kuti mawu azimveka. Anati basi yake ndi ya masana omwewo. Anati anthu ena amakhala ndi mwamuna zaka zonsezi koma osamuona, ndipo iye sangakhale m'nyumba imodzi ndi munthu woti angafunsidwe za imfa ya mwamuna wake n'kumangopinda malaya. Anati nyumba ino sadzapondamonso. Watayi ankamudziwa mlongo wake: akalumbira, amasunga, ngakhale zimupweteke iye mwini.

Anayang'ana Amayi. M'masiku atatu anali atachepa ngati sopo. Zala zawo zinkalephera kumanga batani la malaya, ankalilowetsa pabowo lolakwika, n'kuyambanso. Watayi anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Mwamuna wamkulu, wodziwa kupepesa alendo a pa hotela chifukwa cha thaulo lochedwa, anali atabisala kumbuyo kwa mayi wamasiye. Anadziuza kuti anena mlongo wake akachoka, zinthu zikazizira. Anadziuzanso kuti kunena sikudzutsa munthu. Zonsezi zinali zoona, ndipo zonsezi anali mantha.

Mlongo wake anatuluka ndi chikwama, n'kumuuza kuti amunyamulire mpaka pamsewu. Kwa Amayi sanatsanzike. Watayi ananyamula chikwamacho, n'kuyenda nacho mpaka pachitseko chakunja. Dzuwa linali litafika pakhonde, simenti ikuthwanima. Anaima, n'kuchiika pansi.

"Achemwali, bwererani. Si Amayi. Ndine."

Ananena zonse ali chiimire, za m'sitolo, za galasi, za mzere wakumbuyo. Atafika pa za Lamlungu lija mawu anam'thawa, koma anawakoka mpaka anatuluka momwe anawanenera tsikulo. Sanapemphe kuti am'khululukire, poti sanaone poyambira.

 Watayi ankayembekeza kuti mlongo wake am'menya khofi, ndipo akanalilandira ndi manja awiri. Koma mkaziyo anangokhala pansi, pachikwama chake chomwecho.

"Chifukwa cha zithunzi," anatero motsitsa. "Bambo anga, chifukwa cha zithunzi." Kenako anatembenukira kwa Amayi, nkhope itagwa. "Ndipo uyu wakhala akundionerera ndikukudyani masiku onsewa."

"Ndimadziwa ine," anatero Amayi.

Onse awiri anawayang'ana.

Amayi anaika malaya pambali. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti bambo anawauza tsiku lomwelo atabwera kusitolo, akuvula nsapato. Sanakwiye. Anati mwanayo akunena zoona, mutu wa mitundu iwiri si wopita nawo pamaso pa anthu, ndipo dzuwa limene linadetsa pansi lidetsanso pamwamba, ndi ntchito ya milungu itatu basi. Amayi anakana, anakalipa, tsiku lina anawaikira chipewacho m'chikwama cha zipangizo, koma anachipeza chitabwerera pa msomali. Pamapeto pake anagonja. Akaweruka, ankawapaka mafuta pamene pakusupuka, n'kuwagwirira kagalasi kuti aone kumbuyo.

"Ndiye ukandifunsa kuti sindinawathamangire bwanji, ukufunsa zoona, mwananga. Sindinawathamangire. Mlandu ndili nawo."

"Nanga bwanji simunanene kuti anayambitsa ndi uyu?"

"Ndikupatse mlongo wako kuti umudye? Ndaika mmodzi kale sabata ino. Komanso bambo ako anandiletsa. Anati mwanayo asadzamve kuti ndinavutika."

Watayi anagwira khoma. Akanakonda kukalipiridwa, kutukwanidwa kumene, kusiyana ndi zimenezi. Kunja kunadutsa galimoto yaikulu, mawindo ananjenjemera, koma mlongo wake sanadzuke pachikwama kapena kuyang'ana nthawi. Sanamuyang'anenso iye, ndipo Watayi anadziwa kuti papita miyezi asanatero.

"Bambo ako ankafuna udzaone tsiku la ukwati lomwelo," anatero Amayi. "Ankayeserera, mukudziwa? Pano pomwe, jekete atavala, ine ndiye ndinali apongozi."

Anadzuka movutikira, n'kutenga chipewa patebulo. Anachivala pamwamba pa mpango wawo, chinawafika m'maso. Anakankhira mpando pambali, n'kubwerera mpaka kukhoma. Anawongola msana, anamanga batani la jekete imene sanavale, ndipo mapewa awo anakwera momwe ankakwerera a mwamuna wawo. Anayenda mapazi atatu, aja otalikirana a munthu wozolowera kuponda pa mitanda. Anaima kutsogolo kwenikweni. Ndi dzanja lamanja anavula chipewa mosafulumira, n'kuchigwira pamtima, n'kuweramitsa mutu wonse kuti uoneke, n'kukhala choncho osagwedezeka kuti wojambula amalize.

"Akatero," anatero Amayi ali chiweramire, "ankafunsa kuti, 'Mayi ake, pamenepa mwana uja achita nane manyazi?' Ine ndinkati ayi. Iwo ankati, 'Tiyeni tibwerezenso.'"

Anavalanso chipewacho, n'kubwerera kukhoma.