Lipenga Kuseri kwa Chigafa

Lonjezolo linaperekedwa pabwalo la mganda, fumbi lisanakhazikike, chaka chimene asilikali anabwera pa Nsaru kudzalemba anyamata ntchito. Pius anali atangosankhidwa kumene. Sanamutengere liwiro, pakuti pothamanga anatsalira ngati mbuzi ya bere. Anamutengera mpweya. Mkulu wa gulu loimba la asilikali anamumva akuliza badza, lipenga la mphonda lija, nati chifuwa chotere si chothera m'chikho.

A Andrea, amene anali kingi wotsogolera boma lawo, gulu lija lovina mganda, anamukokera pambali, thukuta likutsika m'kolala ya malaya awo oyera.

"Tamvera iwe. Usilikali wanga ndi wovina chabe, mamendulo angawa ndi zotsekera mabotolo. Koma tsiku londiika ndikufuna lipenga lenileni, lamkuwa, nyimbo ija amatsanzikira nayo msilikali akamatsikira m'manda. Udzalize ndiwe. Usadzatume munthu."

"Ndidzaliza, a Kingi."

"Lumbira."

"Pali Mulungu."

Zaka zinadutsa monga zimachitira, osapempha njira. Gulu limene Pius analowa silinkaimba paparedi pokha. Loweruka ankavula nsapato zachisilikali n'kukaimba m'maholo ndi m'maukwati, ndipo kumeneko ndi kumene iye anaphunzitsa anzake kugunda kwa ng'oma ya kwawo. Ankakonda kunena kuti mganda unachoka kwa asilikali, pamene agogo anabwera kunkhondo ya azungu n'kusandutsa paredi kukhala gule, ndiye iye anangoubweza kumene unachokera. Kuchoka apo unalowa pawailesi, malipenga ali patsogolo, ndipo anyamata a magitala m'matauni anayamba kutolako aliyense kachidutswa kake.

Matipate atabwera, zinthu zinatembenuka. Anthu anayamba kuvina zina, mabwana atsopano analibe khutu, ndipo Pius anapuma usilikali, nakwera basi ya ku Joni ndi lipenga logula yekha. Ankati akakhala zaka ziwiri. Tsitsi linachita imvi ali komweko, akulondera pamalo ogulitsira magalimoto akale, akuwerenga nyuzipepala zotayidwa ndi mabuku a pamsika mpaka maso kuwawa.

Kenaka panabwera foni ya Imelda, mwana wamkazi wa a Andrea.

"A Sajeni, bambo atha. Sakudzukanso pamphasa. Tsiku ndi tsiku akungofunsa ngati mudakali moyo."

M'minibasi yochoka mu Lilongwe, Pius anakhala atakumbatira kabokosi ka lipenga pamiyendo. Njira yonse ankafunafuna mitengo imene anaisiya, koma anangoona mauvuni a njerwa ndi timatchalitchi ta mayina aatali kuposa makoma ake. Dalaivala anakweza wailesi. Munali nyimbo ya mnyamata wina wa masiku ano, ndipo pakati pake panatulukira malipenga, mzere umene Pius ankaudziwa ngati chipsera cha pamwendo pake. Koma sanali malipenga. Chinali chala cha munthu pa kiyibodi, mawu osalala opanda malovu, opanda chifuwa.

"Mzere umenewo ndi wathu," anauza kondakitala. "Tinkauliza anthu asanu, milomo mpaka kutupa."

"Eti madala? Ndiye mukanalemera bwanji! Tasunthani pang'ono, mayiwa akhale."

Pa Nsaru anatsika, nakwera kabaza mpaka kumudzi. Anapeza a Andrea atagonekedwa chapakhomo kuti aziona kunja. Munthu amene kale akaponda pabwalo akazi ankaiwala ndiwo pamoto anali atatsala mafupa m'bulangete. Maso okha ndiwo anali a kingi.

"Ndimayesa ku Joni anthu amanenepa," anatero a Andrea.

"Amanenepa eni ake, a Kingi."

"Mkazi?"

"Analipo."

"Nyumba?"

"Ya eni."

"Ndiye unkatani zaka zonsezi, iwe chitsiru? Tiye, tsekula ndione."

Pius anatsekula kabokosi. Mkuluyo anayendetsa chala pamkuwa, pang'onopang'ono, monga amasisitira mwana wa eni.

"Nanga mano? Lipenga ndi mano."

"Apamwambawa ndi ogula."

"Ogula!" A Andrea anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, Imelda n'kuthamanga ndi madzi. "Ndiye lidzalira Chizungu. Chabwino. Bola lidzalire."

Chimene Pius sananene n'chakuti kuyambira pamene anaika mano ogulawo anali asanalizepo lipenga. Mlomo wa woliza uli ngati munda wa kudimba, ukausiya umamera zina. Ndipo nyimbo yotsanzikira ilibe pobisala. Ilibe ng'oma yokuphimba, ilibe mnzako wokunyamula. Umaima wekha, anthu ali chete, ndipo chakumapeto imakwera pamwamba pamene mlomo wofooka umathyoka ngati phesi.

Mawa lake sanathe kukhala pansi. Anapita kukaona bwalo la mganda, napeza wina atalimapo soya. Anabwerera, nakhala pakhonde, nanyamukanso. Anafunsa Imelda za anzake a m'boma. Uyu anamwalira, uyu anapemphera n'kuwotcha badza lake, uyu ali kwa ana ake ku Kasiya ndipo sazindikiranso anthu. Anatsekula kabokosi, nadontheza mafuta m'mabatani, natseka. Mpweya wa mkulu uja m'nyumbamo unkamveka mpaka panja, ukukoka ngati macheka, ndipo kukoka kulikonse kunkamuuza Pius kuti nthawi yokonzekera ikutha.

Dzuwa litapendeka ananyamula kabokosi, natsikira chakudambo, kuseri kwa chigafa cha fodya cha a Gregory, muphwa wa a Andrea. Ku Joni munthu ukaliza lipenga m'chipinda, woyandikana naye amangomenya khoma n'kutukwana, basi. Pius anaganiza kuti pano, patali ndi nyumba, sasokoneza ngakhale nkhuku.

Poyamba munangotuluka mphepo. Kenaka kulira konga kwa bulu. Anapukuta mlomo, nakankha mano ndi chala, nayesanso kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, mpaka mawu anayamba kubwera, okhuthala pang'ono, amoyo. Anaimika msana, nagundanitsa zidendene, nayamba nyimbo ija.

Inayenda pamwamba pa dambo, yayitali, yosafulumira. Pamwamba paja inathyoka. Anali akukweza lipenga kuti abwereze pamene anamva ndowa ikugwa kumjigo, kenaka mawu a mkazi.

"Mayo ine! A Kingi ine!"

Wina anaulandira mfuuwo chakumtunda. Wina kutsidya. Mudzi wonse unkaidziwa nyimboyo, pakuti chaka chathacho anaika m'manda mwana wa pomwepo amene anali msilikali, ndipo mudzi wonse unkadziwa za lonjezo, pakuti a Andrea ankalinena pamowa uliwonse. Lipenga likalira nyimbo imeneyo, panalibenso chofunsa.

Pius anathamanga, kabokosi kakumenya mwendo. Amuna anali akutuluka m'minda makasu ali paphewa. Pamsewu, wina anali atathyola kale masamba aawisi n'kuwayala mopingasa, kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta, ndipo wakabaza wina anali atatsika panjinga n'kuvula chipewa. Pakhomo pa a Andrea azimayi anali atadzaza, ena atakhala kale pansi miyendo atatambasula, pamene Imelda anali ataima pachitseko manja ali m'mwamba.

"Ali moyo! Ndati bambo ali moyo! Mukulira ndani?"

Kulira kunazima pang'onopang'ono, ngati moto wothiridwa dothi. Maso onse anatembenukira kwa munthu wa kabokosi. A Gregory, bambo wamtali wa mawu osakwera, anadutsa pakati pa anthu, naima pafupi kwambiri.

"Kodi a Sajeni, kumene munaliko amakumba manda munthu akupuma?"

"Ndimangoyesa mlomo, achimwene. Mano angawa..."

"Nyimbo zatha? Mwasowa ina yoyesera, mpaka kusankha yoitanira imfa pakhomo pa wodwala?" Anatembenukira kwa amuna aja. "Kachotseni masamba pamsewu. Ndipo amene anayala ndi amene akachotse, ine sindikhudzako."

Palibe amene anafuna kupita. Masamba a maliro amachotsedwa maliro akatha, osati asanayambe.

Mkati, a Andrea anali akugwedezeka m'bulangete. Pius anayesa kuti akukomoka, koma kunali kuseka.

"Ndamva maliro anga, iwe! Ndi angati amapeza mwayi umenewu? Naomi wa kumjigo uja ndiye amandikonda, wamva mmene anakuwira? Koma mkazi wa Gregory amalira ngati akuwerenga chilengezo kutchalitchi." Anapuma, nakoka mpweya, nagwira dzanja la Pius. "Koma pamwamba paja wathyoka."

"Ndathyoka, a Kingi."

"Kumanda usakathyoke. Anthu a maboma ena adzakhalapo. Asadzanene kuti kingi wa pano anatsanzikidwa ndi bulu."

Mmawa mwake, dzuwa litangotuluka, Imelda akuwapatsa phala, a Andrea anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo macheka aja analeka.

Masamba anali adakali pamsewu. Anthu anangowonjezerapo ena.

Pasiwa Pius anakhala yekha pachitsa, malo omuzungulira ali mbee ngati pali linthumbu. Zonena ankazimva, pakuti sizinkanenedwa motsitsa kwenikweni. Munthu wadwala kuyambira nthawi yokolola osafa, labwera lipenga, tsiku limodzi lokha. Ku Joni amapitako ndi manja awiri, amabwerako ndi zinthu. Nanga anamuitana ndani? Pamenepo mawu ankatsika, maso n'kuloza kunyumba kumene kunali Imelda.

Akwaya anafika ndi kiyibodi ndi batire la galimoto. Woimbayo anadina batani, ndipo m'sipika munatuluka malipenga aja osalala, akuyenda pa kugunda kwa mganda, mawu okha ali a kumwamba. Pius anaimirira, nazungulira kuseri kwa nkhokwe, nabwerera, nakhalanso. Anatsekera milomo m'chikhato n'kumainjenjemeretsa mwakachetechete, kukwera, kukwera, mpaka pamwamba paja. Panafika. Anabwereza. Panafikanso.

Tsiku loika, mmodzi wa adzukulu okumba manda anabwera kudzagwada patsogolo pake.

"A Gregory akuti chitsulo chija chisafike kumanda. Akuti chalira kale."

"Kawauzeni kuti ndinalumbira iwo asanamere ndevu."

Bokosi litanyamuka, Pius ananyamula kabokosi kake, nalowa mumzere. Panali nkhalamba zingapo zochokera m'maboma ena, zitavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'maondo, zikuyenda mwa paredi ngakhale miyendo inali ikukana. Imodzi inamugunda ndi chigongono.

"Mukalize, a Sajeni. Muphwa ndani pamaso pa kingi?"

Pamphambano yolowera kumsitu wa manda, Imelda anatsalira m'gulu la azimayi ngati akukonza chitenje. Pius atafika, anayenda naye limodzi, osamuyang'ana.

"A Sajeni, mubwerera liti ku Joni?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Mwina sindibwerera."

"Inu muli ndi kobwerera. Ine ndilibe." Mawu ake anali ouma, atatha ndi kulira. "Amayi anabwera kuno pa chitengwa. Mudzi uno si wathu, ndi wa a Gregory ndi alongo awo. Munda umene ndimalima ndi wa mbumba yawo, bambo ndiwo ankanditchinga. Dzulo azakhali andifunsa kuti foni ya ku Joni ndinaimba ndi chilolezo cha ndani."

"Bambo ako anandiuza okha, ndi pakamwa pawo. Unalipo."

"Ndinalipo. Ndinamvanso kuseka kwawo. Koma iwo sakakhala nawo pa sudzulo pogamula za ife otsala, ndikakhala ndine ndi ana anga." Anakoka chitenje, nachimanga. "Sindikukuletsani. Ndine mwana, ndingaletse bwanji akulu? Ndangonena."

Anafulumira, nalowanso pakati pa azimayi.

Kumanda kunali kozizira, mitengo yake yokhayo imene inatsala m'dera lonselo. Abusa analalikira nthawi yayitali. Pius anaima kumapazi kwa dzenje, kabokosi kali pansi pakati pa nsapato zake, chala chikudinadina pantchafu mabatani osaoneka. Adzukulu analandira bokosi, nalitsitsa. Nyimbo ya akwaya inatha, ndipo panagwa kachetechete uja amene woliza lipenga aliyense amamudziwa, pamene dzenje lili lotsekula ndipo khasu loyamba lisanagwe.

Nkhalamba za masokosi oyera zinaimika misana n'kumuyang'ana. A Gregory anamuyang'ana. Imelda anali atagwada kutsidya kwa dzenje, ana ake atamukangamira m'mbali, maso ali pansi.

Pius anawerama, nagwira chotsekulira cha kabokosi. Chinali chofunda ndi dzuwa la m'njira. Anakhala chiweramire. Mmodzi wa adzukulu anatsokomola, nayang'ana anzake, nakweza khasu.

Dothi linagwa pabokosi. Anakwirira, naumba mtumbira, nausalaza ndi misana ya makasu, azimayi n'kuyalapo nkhata za maluwa. Lipenga silinalire.