Mabawuti a Alamu

Eric anatembenuza bawuti latsopanolo n'kuliyang'ana pamutu. Panalibe nambala. Linali lonyezimira ngati supuni ya paukwati. Akale aja, akuda bii ndi oyilo, onse anali ndi nambala yodinda pamutu, chizindikiro cha chitsulo cholimba.

Galimoto imene ankakonzayo inali ya Fyson, mlongo wa Pauline, mkazi wa Eric. Inafera pabwalo matumba a kachewere atasokedwa kale, ogula akudikira ku Tsangano. Eric, amene anaphunzirako za injini asanakwatire, anachotsa mutu wa injini n'kuikamo gasiketi yatsopano yotseka mpata kuti pasadonthe, koma anapeza kuti mabawuti awiri omangira mutuwo anali atawonda pakhosi. Fyson ndiye anawoloka msewu kukagula ena kumbali ya Mozambiki.

"Mukulinunkhiza? Ndi nyama imeneyo?" anafunsa Fyson atatsamira chitseko cha galimoto. "Mangani, akamwini. Dzuwa likupita."

"Alamu, mabawutiwa akuoneka ngati a ngolo."

"Sipanala yanuyo sikulowa?"

"Ikulowa."

"Kutalika sikufanana?"

"Kukufanana. Koma chitsulo chake n'chofewa. Kwa a Abbas amagulitsa a injini enieni. Ndikhoza kuthamangirako panjinga."

Fyson anaseka mokweza, kuti amayi amene ankanyamula matumba amve.

"Tamvani! Munthu anabwera pamudzi pano ndi kachikwama ka masipanala ndi malaya awiri, lero akundiphunzitsa kugula chitsulo. Galimoto imeneyi ndinagula ndekha, bambo. Kwanu ku Biriwiri kuli galimoto?"

Eric anaweramitsa mutu.  Ankakhala chikamwini pamudzipo, kulima munda wa eni ake, ndipo mwezi womwewo ankhoswe ake anali atapempha chitengwa, kuti atenge Pauline ndi ana akakhale kwawo. Woyankha pempholo anali Fyson yemweyu, mwini mbumba. Yankho linali lisanabwere.

Anasuzumira kwa Pauline. Mkaziyo anali pansi pa mtengo wa mapichesi akusankha kachewere wovulala ndi khasu. Maso awo atakumana, Pauline anapukusa mutu pang'ono chabe. Eric anamva tanthauzo lake: musalimbane nawo.

"Achimwene," anatero Pauline mofatsa, "bwanji angopita kwa a Abbas? Si patali."

"Iwe khala chete. Nkhani za amuna izi. Kapena wayamba kale kulankhula ngati wa ku Biriwiri?"

Eric anatola bawutilo. Analipukuta ndi chiguduli, ngakhale linali loyera kale, n'kulilowetsa m'bowo mwake. Linalowa bwinobwino, osavuta, mpaka iye mwini anayamba kukayika. Mwina alamu akunena zoona. Mwina nambala ija ndi yokongoletsa chabe. Anamanga mabawuti akale kuyambira pakati kupita m'mbali monga anaphunzirira, kenako n'kubwerera ku loyamba la atsopano awiriwo. Anakoka sipanala mosamala, n'kusiyira pamene dzanja linamuuza kuti chitsulo chayamba kugonja.

"Mwatha?" Fyson anabwera n'kugwedeza sipanalayo. "Mumamanga ngati mukuopa kudzutsa mwana. Simunadye?"

Anapita kukhola n'kubwerako ndi chipaipi chotsekera ng'ombe. Anachiveka kumchira wa sipanala n'kubwerera m'mbuyo.

"Kokani."

"Alamu, lithyoka."

"Ndati kokani! Munthu wolephera kumanga bawuti angamange banja?"

Amayi aja anasiya matumba. Ngakhale Pauline anaimirira, kachewere ali m'manja. Eric anaona kuti akakana, Fyson anena kuti mkamwini wamunyoza pagulu. Anagwira chipaipicho ndi manja onse awiri, n'kupempha chamumtima kuti chitsulo cha ngolo chipirire kamodzi kokha.

Anakoka. Poyamba panali polimba. Kenako sipanala inayamba kuyenda mofewa ngati mpeni m'dzungu lophika, ndiye phwa! Eric anagwa chagada, chigongono n'kumenya mwala. Mutu wa bawuti unagubuduzika m'fumbi. Thunthu lake linatsalira mkati mwa injini, pansi penipeni, posafika chala kapena pulayala.



Fyson anasuzumira m'bowomo kwa nthawi yaitali. Atadzuka sanakuwe. Analankhula motsitsa, ngati akuwerenga m'tchalitchi.

"Mwandiphera galimoto dala. Nonse mwaona, anakoka ndi iyeyu."

"Ndinakuuzani, alamu."

"Unandiuza?" Aka kanali koyamba Fyson kumutchula kuti iwe. "Ngati unkadziwa, unakokeranji? Ndiye ufiti wakewo."

Eric anaona kuti funsolo linali lomveka.

Fyson anatembenukira kwa mlongo wake. "Pauline, ukawauze ankhoswe a mwamuna wakoyu kuti asavutike kubwera Loweruka. Palibe amene akuchoka pamudzi pano. Ndipo kachewereyu akafika ku Tsangano pamsana pake."

Pauline sanayang'ane aliyense. Anakhalanso pansi n'kupitiriza kusankha. Eric anadzuka, magazi akutsika m'mkono, n'kupita kukanyamula thumba loyamba.